Ndani akulondera pamwamba pa mutu wa msilikali wathu?

 Lero tikulankhula tili pa doko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba. Moni kwa inu asodzi amene muli pa zimbowera, amayi oyanika matemba, abambo oyendetsa maboti a ku Chisi, ndi inu makolo amene ana anu ali m'gulu la asilikali a dziko lino.

Nkhani ya lero ndi yokhudza nkhondo. Wina afunsa kuti, za nkhondo zikutani pa Kachulu, pamene ife mutu wathu uli pa mtengo wa mafuta a injini ndi madzi amene amangophwaphwa? Funsolo n'lomveka. Koma kuchoka pano kupita m'tauni ya Zomba ndi makilomita pafupifupi 30 okha, ndipo kumeneko n'kumene kuli Cobbe Barracks ndi bwalo la ndege za asilikali athu. Tsidya lina la madzi awa ndi Mozambique. M'midzi yozungulira Zomba simusowa banja limene lili ndi mwana, mlamu kapena mdzukulu wovala yunifolomu, ndipo zimenezi zinayamba kalekale, kuyambira m'masiku a King's African Rifles amene chipilala chawo chikuimabe ku Zomba. Choncho nkhani ya moyo wa msilikali ndi ya pakhomo pathu.

Chimene ndikufuna tikambirane ndi kachigawo kamodzi ka thambo. Sindikunena kumwamba kwenikweni kumene kumadutsa ndege zopita ku Johannesburg. Ndikunena pamwamba pomwepa, kuchokera pansonga ya mtengo wa mango kukafika pamene pamayambira mitambo. Kwa zaka zambiri malo amenewa anali a mbalame ndi mahelikopita basi. Lero ndi mmene mukudzera imfa ya asilikali ambiri padziko lapansi, ndipo msilikali wa Malawi timamutumiza kunkhondo kumwamba kwake kuli kotseguka.

Tiyambe ndi kumene ana athu akhala akumenya nkhondo, kum'mawa kwa dziko la Congo. Mu Malichi 2013 bungwe la United Nations linakhazikitsa gulu lapadera lotchedwa Force Intervention Brigade, ndipo maiko atatu ndiwo anapereka asilikali: South Africa, Tanzania ndi Malawi. Gululi silinapite kukaima pakati pa omenyana, linapita kukathira nkhondo zigawenga. Pofika Novembala chaka chomwecho zigawenga za M23 zinali zitagonja, zambiri n'kuthawira ku Uganda ndi ku Rwanda. Chimodzi mwa zimene zinawafooketsa chinali mahelikopita ankhondo a South Africa otchedwa Rooivalk, amene anawomba malo awo pa phiri la Chanzu. Masiku amenewo msilikali wathu akamva injini ikulira m'mwamba, mtima unkakhala m'malo, podziwa kuti akubwerawo ndi anzake.

Patapita zaka khumi, mu Disembala 2023, maiko atatu omwewo anabwereranso kudera lomwelo, ulendo uno m'dzina la SADC. Anapeza zinthu zitasintha. Mu Febuluwale 2024, mwezi umodzi wokhawo, helikopita ya South Africa inalasidwa ndi zipolopolo ili m'mwamba, bomba linagwa mu kampu ya asilikali a South Africa n'kupha awiri, bwalo la ndege la Goma linaphulitsidwa ndi madroni usiku, ndipo a United Nations ananena kuti mzinga wowombera ndege unaponyedwa kulunjika droni yawo yoonera. Chaka chomwecho oyendetsa ndege m'dera la Goma anayamba kudandaula kuti zida zawo za GPS, zimene zimauza ndege pamene ili, zikusokonezedwa dala. Akatswiri a United Nations analembanso za timadroni ta m'sitolo timene anthu ankatimangirira mabomba. Thambo limene mu 2013 linali la mbali yathu linali litasanduka la aliyense.

Zotsatira zake tonse tikuzikumbuka. Mu Januwale 2025 M23 inalanda tauni ya Sake kenako mzinda wa Goma. Asilikali athu atatu anafa pa nkhondo ya masiku amenewo, South Africa inataya 14, Tanzania awiri. Mu Febuluwale mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analamula kuti asilikali athu akonzekere kubwerera, ndipo pa 13 Malichi atsogoleri a SADC anathetsa ntchito yonseyo. Otsalawo anakhala miyezi ali m'makampu ozunguliridwa, bwalo la ndege litatsekedwa, mpaka anatuluka pamsewu kudzera ku Rwanda.

Ndimveke bwino apa. Sindikunena kuti droni ndi imene inapha ana athu atatuwo. Ndikunena kuti gulu lankhondo limene mdani akuliona kuchokera pamwamba usana ndi usiku, ilo losamuona, limene silingathe kuulutsa helikopita yake kukanyamula wovulala, lagonja kale ndi theka nkhondo isanayambe. Ndipo vuto silili pa kulimba mtima. Kulimba mtima kwa msilikali wa Malawi dziko lonse lapansi likukudziwa. Mu Novembala 2018, m'dera la Beni, asilikali athu asanu ndi mmodzi anafa pomenyana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anaomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene anali atavulala, ndipo mu Meyi 2019 United Nations inamulemekeza ndi mendulo yake yapamwamba ya Captain Mbaye Diagne. Anthu otere sitiyenera kuwatumiza kunkhondo ya lero ndi zida za dzana.

Kodi chasintha n'chiyani kwenikweni? Chasintha ndi mtengo. Kale, kuti munthu aone mdani kuchokera kumwamba kapena amuponyere bomba, ankafunika ndege, woyendetsa wophunzira zaka zambiri, bwalo ndi mafuta. Zimenezi ankazikwanitsa ndi maboma okha. Lero kadroni ka mapiko anayi, kofanana ndi kamene anyamata amajambulira maukwati ku Blantyre, kamagulidwa ndi madola 2,000 kapena kucheperapo. Kali ndi kamera yoona munthu ali patali, ena amaona kutentha kwa thupi mumdima. Zigawenga za Islamic State zinayamba kumangirira mabomba a m'manja ku timadroni totere pa nkhondo ya mumzinda wa Mosul ku Iraq mu 2016 ndi 2017. Mu 2020, pa nkhondo ya Azerbaijan ndi Armenia, madroni akuluakulu a ku Turkey otchedwa Bayraktar anapsereza akasinja ambirimbiri m'masabata asanu ndi limodzi. Ku Ukraine kwabwera mtundu wina umene woyendetsa amavala magalasi kumaso n'kumaona ngati wakhala m'kati mwa droniyo, n'kuiwongolera mpaka kukalowa pawindo la galimoto kapena m'dzenje limene msilikali wabisala. Imeneyo imapangidwa ndi madola mazana ochepa chabe, ndipo malipoti ochokera kumeneko akusonyeza kuti ambiri mwa asilikali amene akufa ndi kuvulala kumalo omenyeranako akuphedwa ndi madroni.

Musaganize kuti ndi za azungu zokha. Ku Mali ndi ku Burkina Faso zigawenga zikuponya mabomba m'makampu a asilikali ndi timadroni ta m'sitolo. Ku Sudan, mu Januwale 2025 madroni anaphulitsa zida za magetsi pa damu la Merowe, ndipo mu Meyi anayatsa nkhokwe za mafuta ku Port Sudan, mzinda umene unali kutali ndi kumene kunali nkhondo. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono n'chifukwa chiyani kanthu kakang'ono chonchi kakuvuta maiko amene ali ndi zida zoopsa? Pano pa Kachulu ndi malo abwino ofotokozera. Chida chimene asilikali amaonera zouluka, rada, chimatumiza mafunde m'mlengalenga, ndipo mafundewo akagunda chinthu amabwerera. Ndege yaikulu yachitsulo youluka pamwamba imaoneka ikadali kutali kwambiri. Koma chinthu chouluka m'munsi chimabisika kuseri kwa phiri, kuseri kwa mitengo, ngakhale kuseri kwa kupindika kwa dziko lenilenilo. Rada yoikidwa ku Zomba singaone chimene chikudza kuseri kwa phiri la Chisi chikukwawa pamwamba pa mabango. Kuwonjezera apo, kadroni n'kapulasitiki, n'kakang'ono, ndipo kamathamanga liwiro la mbalame. Nyanja ino inalembedwa m'kaundula wa padziko lonse wa madambo ofunika, wa Ramsar, ndipo chifukwa chachikulu ndi kuchuluka kwa mbalame za m'madzi. Mutaika rada yakale pa doko lino, woyang'anira angaone timadontho tosawerengeka, osadziwa kuti bakha ndi uti, kakowa ndi uti, droni ndi iti. Akaichuna kuti isamaone mbalame, ndiye kuti droni nayonso yaleka kuoneka. Ma rada atsopano opangidwira ntchito imeneyi amasiyanitsa pozindikira kuzungulira kwa timapiko ta droni, koma amaona makilomita ochepa okha, choncho amafunika kuyenda limodzi ndi asilikali kulikonse kumene apita.

Za kusaona zimene zili m'thambo lathu tili ndi bala losapola. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali athu ya Dornier, itanyamula Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko a Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, inasowa, ndipo dziko lonse linagona usiku umenewo lisakudziwa kumene ili, mpaka inapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango ya Chikangawa. Imeneyo inali ndege yathuyathu, yaikulu, yodziwika kumene yachokera ndi kumene ikupita.

Nanga m'nkhokwe ya zida zathu muli chiyani? Mabuku a padziko lonse amene amawerengera zida za maiko akhala akulemba kuti Malawi ali ndi mizinga yonyamula paphewa ya ku Britain yotchedwa Blowpipe, ndi mfuti zazikulu zowombera ndege za kapangidwe kakale ka ku Soviet Union. Blowpipe inayamba kugwira ntchito m'zaka za m'ma 1970. Woombera amayenera kuuwongolera mzingawo ndi chala mpaka ukagunde, ndipo pa nkhondo ya ku Falklands mu 1982 inaphonya kwambiri kotero kuti eni ake anaisiya pasanapite zaka zambiri. Inapangidwira ndege ndi mahelikopita. Kadroni kokwana m'thumba la sukulu singakapeze.

Pamenepa tisadzichepetse mopitirira, chifukwa si ife tokha tinagona. Dziko la America linachepetsa kwambiri magulu ake oteteza asilikali ku zouluka m'munsi poganiza kuti ndege zake zokha zikukwanira, ndipo mu 2021 linayambanso kupereka magalimoto atsopano a ntchitoyi kwa asilikali ake. Germany inapumitsa akasinja ake owombera ndege otchedwa Gepard powayesa achikale. Omwewo ataperekedwa ku Ukraine mu 2022 anapezeka kuti ndi amodzi mwa zida zabwino kwambiri zogwetsera madroni a ku Iran otchedwa Shahed. Chifukwa chake ndi masamu a ndalama. Mzinga umodzi wa Patriot umagulidwa pafupifupi madola 4 miliyoni. Droni ya Shahed ndi madola zikwi makumi angapo. Woteteza akamaponya mzinga wotere pa droni iliyonse, thumba lake limatha mdani asanatope. Chipolopolo cha mfuti chimatsika mtengo, ndiye chifukwa chake mfuti yabwereranso.

Apa ndi pamene ndikuona mwayi wa dziko losauka ngati lathu. Ndikamva mawu oti kukonzanso chitetezo cha m'mlengalenga, mantha anga ndi oti wina adzabwera ndi kabuku ka zithunzi zokongola za mizinga ikuluikulu, tidzakongole ndalama zakunja zimene tilibe, chidacho chidzaonetsedwe kamodzi pa perete, kenako chidzaime m'shedi posowa sipeya. Njira imeneyo ine ndikuikana. Zimene zikupulumutsa asilikali lero zambiri mwa izo n'zotsika mtengo, ndipo choyamba sichigulidwa n'komwe.

Yang'anani nkhuku ya anapiye pabwalo. Siingathe kupha kabawi. Koma diso lake limodzi limakhala kumwamba nthawi zonse, ikaona chithunzithunzi imalira kulira kwina kumene mwanapiye aliyense amakudziwa, ndipo onse amabalalika kulowa pansi pa nkhokwe. Kuona msanga, kuchenjeza ndi mawu amodzi odziwika, kubisala. Gulu lililonse la asilikali makumi atatu liyenera kukhala ndi munthu amene ntchito yake ndi kuyang'ana ndi kumvetsera kumwamba basi, ali ndi kachida ka m'manja kamene kamalira kakamva mafunde a droni. Asilikali ayenera kuzolowera kukumba maenje okhala ndi denga, kusaunjika magalimoto malo amodzi, kusasiya njira zopondeka zoloza kumene agona, kusamala utsi wa pophikira. Ndipo foni. Usiku wolowera chaka cha 2023, nyumba imene munagona asilikali a Russia ku Makiivka, m'dziko la Ukraine, inaphulitsidwa, ndipo unduna wawo wa zachitetezo unavomereza kuti anafa 89, n'kunena kuti chimene chinawaulula chinali mafoni amene anayatsa. Inu makolo ndi akazi a asilikali, mwana kapena bambo akakhala ku ntchito yotere n'kukhala chete masiku angapo osatumiza chithunzi pa WhatsApp, musamukakamize. Kukhala chete kumeneko n'kumene kukumusunga.

Kumva nakonso kwasanduka chida. Ku Ukraine anamangirira timaikolofoni totsika mtengo pa mitengo ndi pa nsanja m'dziko lonse, zikwizikwi, tolumikizidwa ku kompyuta imene imazindikira kulira kwa injini ya droni n'kuloza kumene ikulowera. Uthengawo umapita kwa timagulu ta asilikali oyenda pa mapikiapu okhala ndi mfuti ya chiwaya, tochi yamphamvu ndi galasi loonera usiku, n'kukaidikirira panjira. Anthu wamba nawonso ali ndi pologalamu ya pafoni yodziwitsira asilikali akaona kapena kumva chouluka. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chili chopitirira nzeru za Amalawi. Mfuti zathu zakale zija, zitapatsidwa magalasi atsopano ndi munthu wozitsogolera kumene chinthu chikuchokera, zingagwirenso ntchito.

Pali chida china chosokoneza mafunde a wailesi amene amalumikiza droni ndi woiyendetsa. Chikayatsidwa, droni imasochera, kugwa kapena kubwerera kwawo. Chimenechi chiyenera kukhala pa galimoto iliyonse imene yatsogolera mdipiti wa asilikali athu. Koma nachonso chili ndi malire. Kuyambira 2024 kwabwera madroni amene amakoka kaulusi kagalasi kopyapyala kwambiri, kotalika makilomita khumi kapena kuposa, ndipo malamulo onse amadutsa m'kaulusiko. Amenewo palibe mafunde oti muwasokoneze. Yankho lake likudabwitsani inu a pa doko lino: ukonde. Ku Ukraine akumanga maukonde pamwamba pa misewu, pa makampu ndi pa magalimoto, droni ikafika timapiko take timakodwa isanagunde. Asodzi a ku France, Denmark ndi Sweden akhala akutumiza maukonde awo akale kuti akagwire ntchito imeneyi. Luso losoka ndi kutchera ukonde pano silisowa.

Tsopano ndifike pa mbali imene imandidetsa nkhawa kuposa zonse, chifukwa ife Amalawi tinailipira ndi miyoyo. Pa 6 Novembala 1987 ndege yaing'ono ya Air Malawi ya mtundu wa Skyvan inanyamuka ku Blantyre kupita ku Lilongwe. Inawomberedwa ikudutsa pafupi ndi tauni ya Ulongwe m'chigawo cha Tete ku Mozambique, dziko limene nthawiyo linali pa nkhondo, ndipo anthu onse khumi amene anali m'menemo anafa. Sanali asilikali obwera kudzamenya nkhondo. Amene anali pansi anaona chouluka, anachiyesa cha mdani, anaomba. Cholakwa cha mbali inayo chinachitika pa 28 Januwale 2024 ku Jordan, pa kampu ya America yotchedwa Tower 22. Droni ya adani inafika m'munsi usiku, ndipo malipoti oyamba anati olondera anaisokoneza ndi droni yawo imene inkabwerera nthawi yomweyo. Sanaombe, ndipo asilikali atatu anafera m'malo awo ogona. Kwina anaomba chosayenera kuombedwa, kwina analekerera choyenera kuombedwa. Muzu wake ndi umodzi: kusadziwa kuti chouluka ichi n'cha yani.

N'chifukwa chake ndikunena kuti kugula mfuti ndi zosokoneza mafunde musanakonze dongosolo lozindikirira n'kuitana maliro. M'thambo lathu la m'munsi muli kale zinthu zabwino zimene zikuuluka. Madroni anyamulapo mankhwala, katemera ndi magazi okayezetsa kupita ndi kuchokera kuzipatala za kumidzi ku Nsanje, Chikwawa ndi Kasungu. Pa nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 mahelikopita, ena ochokera ku Tanzania, ankauluka m'munsi kukapereka chakudya kumene misewu inaduka. Msilikali amene wagwira chida chosokoneza mafunde ayenera kudziwa pa mphindi imeneyo kuti chikubweracho chanyamula katemera kapena bomba. Ndiye kuti asilikali, apolisi, oyang'anira za maulendo a ndege ndi bungwe la MACRA, limene limagawa mafunde a wailesi ndi mafoni, ayenera kukhala ndi kaundula mmodzi wa madroni ndi njira imodzi youzirana. Chida chosokoneza mafunde chikayatsidwa mosasamala chimathanso kuzimitsa mafoni a mudzi wonse, ndipo mayi amene akufuna kuitana ambulansi ndiye amavutika.

Anthu a kumudzi nawonso auzidwe. Tikukumbuka zimene mphekesera za anamapopa zinachita mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe, kufupi ndi kuno, kumene anthu osalakwa anaphedwa chifukwa cha mantha a chinthu chosafotokozedwa. Aliyense wofuna kuulutsa droni pa nyanja ino, kaya ndi wofufuza za mbalame, wa zaumoyo kapena wojambula, ayambe wafika kwa amfumu ndi ku komiti ya pa doko. Zikatero, tsiku limene msodzi adzaone droni imene palibe amene anainena, adzadziwa kuti iyi njachilendo, n'kukanena kupolisi m'malo motola miyala. Asodzi amagona pamadzi, amadziwa kulira kwa injini ya boti lililonse la pa Kachulu. Makutu amenewo boma lingapindule nawo.

Sindikufuna kuopseza munthu. Palibe nkhondo pa nyanja ya Chilwa, ndipo anansi athu a tsidya ilo ndi abale athu, timakwatirana, timagulitsana nsomba. Koma malire awa anaonapo nkhondo. Kuyambira 1987 asilikali athu ankalondera njanji ya Nacala imene imatulukira pa Nayuchi, kumpoto kwa nyanja ino, ndipo anthu othawa nkhondo ochokera ku Mozambique anafika pafupifupi miliyoni imodzi m'dziko muno. Ku Cabo Delgado, ku Mozambique komweko, zigawenga zakhala zikuvutitsa kuyambira Okutobala 2017. Ndipo taganizirani kumene magetsi athu amachokera: Nkula, Tedzani ndi Kapichira, zonse pa mtsinje umodzi wa Shire. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 tinataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mdima wake tinaumva kwa nthawi yoposa chaka. Zimene madzi anachita tsiku limenelo, timadroni tingapo tingazichite. Amene amalondera malo amenewa amayang'ana pachipata ndi pampanda. Ndani akuyang'ana kumwamba?

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti pa nkhani ya madroni Malawi sali kumbuyo. Mu Juni 2017 boma pamodzi ndi UNICEF linatsegula malo oyeserera madroni ku Kasungu, oyamba a mtundu wake mu Africa pa ntchito zothandiza anthu. Mu Januwale 2020 kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, mogwirizana ndi yunivesite ya Virginia Tech ya ku America ndi yunivesite yathu ya MUST ya ku Thyolo. Kumeneko anyamata ndi atsikana aphunzira kupanga droni, kuiulutsa, kuikonza ndi kuwerenga zithunzi zake. Sukulu imeneyo inakhazikitsidwira zaumoyo, ulimi ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo ikhale choncho, isasanduke ya nkhondo. Koma luso likalowa m'dziko limakhala la dziko. Wodziwa kupanga droni ndi amenenso amadziwa pamene imafookera. Gulu lathu lankhondo litsegule khomo kwa achinyamata otere, liwalembe ntchito monga akatswiri, ndipo kusukulu ya usilikali ya MAFCO ku Salima pasapezeke wophunzira usilikali womaliza maphunziro asanasakidwepo ndi droni m'tchire. Aone yekha pa kanema mmene amaonekera kuchokera pamwamba pamene iye akuyesa kuti wabisala. Phunziro limenelo mtengo wake ndi mabatire.

Ndikudziwa kuti wina akumvetsera ali pa mzere wa chipatala chopanda mankhwala, wina akuwerengera mtengo wa thumba la feteleza, ndipo akuti ndalama za zonsezi zichokera kuti. Ndikugwirizana nanu kuti mankhwala ndi chakudya zili patsogolo. Koma dziko lino lasankha lokha, kwa zaka zambiri, kutumiza asilikali ake kukasungitsa mtendere kunja, ndipo United Nations imabweza ndalama ku maiko chifukwa cha asilikali ndi zida zimene apititsa. Gawo la ndalama zimenezo libwerere pa chitetezo cha amene azibweretsa. Ngati sitingakwanitse kuwateteza, tikhale ndi chilungamo chonena kuti ulendo uno sitipita. SADC nayonso ingagule zida zimenezi pamodzi, m'malo moti dziko lililonse lizikagogoda lokha kwa ogulitsa.

Ndipo kugulako kuchitike poyera. Nkhani za makontirakiti a zida ndi chakudya cha asilikali zafikapo kale ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB ndi kumakhoti. Mawu oti chinsinsi cha chitetezo asakhale chophimbira kuba. Chinsinsi ndi kumene chida chaikidwa ndi mafunde amene chikugwiritsa ntchito. Mtengo wake, amene wachigulitsa, ndi ngati chinayesedwa pamaso pa asilikali amene adzachigwiritse ntchito, zimenezo komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo iyenera kuzidziwa. Chida chosokoneza mafunde chimene chikugwira ntchito chaka chino chikhoza kukhala chopanda pake chaka chamawa, chifukwa opanga madroni amasintha mafunde pafupipafupi. Choncho tigule pang'onopang'ono, kwa amene avomere kuphunzitsa amisiri athu kuchitsegula ndi kuchisintha okha.

Inu aphungu a m'boma la Zomba, amene m'madera anu muli makampu a asilikali ndi mabanja awo, tsiku limene nduna idzaimirire m'Nyumba ya Malamulo kunena kuti gulu lina likunyamuka, mudzaifunse mafunso awa. Kodi pa gulu lililonse pali zida zingati zomvera droni, ndipo zikugwira ntchito? Kodi kampu imene akukagona ili ndi maukonde ndi maenje a denga? Kodi wovulala adzanyamulidwa bwanji ngati helikopita singauluke? Nanga ndani amene ali ndi mphamvu yolamula kuti chouluka chiombedwe, ndipo adzadziwa bwanji kuti si cha anzathu? Mayankho ake mudzabwere nawo kuno, mudzauze makolo a anawo ndege yawo isananyamuke.